Suti ya ku Chipata ndi kapepala kanga ka miyeso

Ndinadandaula koyamba pa 9 Seputembala chaka chatha. Ndinadandaulanso pa 2 Novembala, kenaka sabata yotsatira Pasaka. Makalata onse atatu ndinalemba ndi kaboni pansi, ndipo makope ake ali m'sutikesi kunsi kwa bedi. Mpaka lero a Tembo, telala wa ku Chipata, sanandiyankhe. Choncho ndati nkhaniyi muimve inu, ngakhale ndikudziwa kuti ena museka ine m'malo modzudzula iwo.

Nditapuma pantchito ya uphunzitsi, anzanga anandipatsa nsalu ya suti, yotuwa, yamizere yoyera, yolemera bwino m'manja. Ndinaisunga zaka khumi ndi zinayi, chifukwa sindinafune kuipereka kwa matelala amakono amene amasoka thalauza ngati akukulunga fodya. Koma mdzukulu wanga Tadala atapeza banja, anandipempha kuti ine ndidzamulowetse m'tchalitchi, poti bambo ake anatisiya kale. Ndinadziwa kuti tsiku la nsalu ija lafika.

Mu Ogasiti ndinanyamuka kwathu kwa Mlonyeni kukaona mlongo wanga amene anakwatiwa ku Chipata, nsalu ili m'chikwama. Nditadutsa boda ndi kupereka moni kwa alamu, ndinatha masiku awiri ndikuzungulira tauni. M'masitolo munali majekete onyezimira ngati a oimba. Pamsika panali kaunjika, amene kumeneko amati salaula. Tsiku lachiwiri masana, pakhonde lina kuseri kwa msika, ndinaona mkulu wa imvi akupalasa makina a mwendo, choko chili kukhutu, kumbuyo kwake kutapachikika jekete la mabatani atatu, mapewa ake oongoka ngati a msilikali. Mtima unakhala pansi. Amenewo ndiwo a Tembo.

Anaisisita nsalu ija mwaulemu, n'kuinunkhiza. Kenaka anachotsa tepi m'khosi.

"Imani bwino bamdala, nikupimeni."

"Musavutike," ndinatero. "Miyeso ndabwera nayo."

Ndinatulutsa kapepala kamene anandilembera telala wa ku Lilongwe amene anasoka suti ya ukwati wanga. Kanatha zaka makumi anayi ndi zitatu kali m'Baibulo, koma manambala ake amaoneka bwinobwino (anthu akale ankalemba ndi inki yeniyeni).

A Tembo anakawerenga, anandiyang'ana pamimba, n'kukawerenganso.

"Manje uyu munthu wa pa pepala mwamusiya kuti?"

"Ndi amene waima pamaso panuyu."

"Awe bamdala. Uyu anali kamnyamata. Anali asanayambe kudya nsawa za ku Mchinji."

Ndinakwiya, koma ndinayamba ndabweza kaye mimba m'kati. Ndinawauza kuti masamu ndaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo nambala yolembedwa sinama. Tepi yawo ndiyo inali yokayikitsa, yofufutika, yomata ndi ulusi pakati. Pamene ndinkayang'ana mabatani, ndinamva chinthu chikundizungulira m'chiuno. Anali iwo, akufuna kundiyeza mwakuba. Ndinawamenya padzanja monga ndinkachitira ndi ana oonera mayeso.

Anapumira m'mwamba, natsegula buku lawo, nakopera manambala aja, nalemba pansi pake kuti mwini nsalu wakana kupimidwa. Anandipempha kuti ndisaine. Ndivomere pano: ndinasaina mokondwa. Ndinadziuza kuti ndapeza munthu wodziwa kulemekeza pepala.

Suti inabwera ndi mayi Nabanda, oyandikana nawo nyumba amene amakaoda zitenje ku Chipata, kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike. Inali yokongola, abale. Mizere inakumana bwino pamapewa, m'kati munali nsalu yoterera. Ndinaipachika kuseri kwa chitseko n'kumangoiyang'ana.

"Abambo, tayesani," anatero akazi anga.

"Chopimidwa kale sachiyesa."

"Chinapimidwa muli ndi tsitsi."

Ndinangopitiriza kuiyang'ana suti yanga.

M'mawa wa ukwati, galimoto ikulira panja, thalauza linakwera mpaka m'ntchafu n'kukana. Ndinagona chagada, akazi anga akukoka mbali iyi, ine mbali inayo, koma silinasunthe. Ndinavala thalauza langa lakale lakuda. Jekete ndiye ndinakakamira. Linalowa, komatu manja anga anatambasukira kumbuyo ngati a nkhuku yopita kumsika, ndipo mabatani ndi mabowo ake anangoyang'anizana patali.

Ndinayenda naye Tadala pakati pa tchalitchi pang'onopang'ono, ndikupuma theka. Anthu ankaganiza kuti ndagwidwa ndi chisoni. Tinafika kutsogolo. Abusa anafunsa kuti akupereka mwanayu ndani. Ndinayankha mokweza kuti ndine, n'kutambasula dzanja kuti ndimupereke kwa mkwati.

Phwee! Jekete linang'ambika kumsana, kuyambira pakhosi mpaka pansi.

Kwaya inali itangosiya kuimba, ndiye palibe amene sanamve. Kumbuyo wina anati, "Agogo aphulika!" Tadala analuma mlomo, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka kapena ankalira. Akazi anga anadzuka mwakachetechete, namasula chitenje chawo chapamwamba, nandifunditsa.

Pazithunzi zonse za ukwatiwo ndili m'chitenje cha maluwa. Chimodzi Tadala anachipachika pabalaza kwawo. Amati amachikonda, koma ine ndinkafuna kuti mwana wopanda bambo adzakumbukire kuti anaperekedwa ndi munthu wooneka. Nsalu ija sidzabweranso.

Akazi anga amati wolakwa ndine. Mbali ina sindikana. Koma dandaulo langa silinagwe, ndipo ndi ili: telala wa imvi, woona mimba ndi maso ake, amamvera bwanji nkhalamba yamakani? Ine mwana akaumirira kuti ziwiri kuphatikiza ziwiri ndi zisanu, sindinkamusainitsa, ndinkamuwongolera.

Motero, a Tembo, kudzera mwa aliyense wowerenga amene adzadutse pakhonde lanu, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba, pasanathe masiku makumi atatu, mafunso awiri. Loyamba, n'chifukwa chiyani munadula nsalu mukudziwa? Lachiwiri, ngati panatsalako kachidutswa, kodi kangakwane kuika pamsana pa jekete? Mdzukulu wina akukwatira chaka chamawa, ndipo andiuza kale kuti ndidzakhala kumbuyo.