Sabata Yoika a Twaibu m'Kanema

Lolemba
Loweruka tikusankha tcheyamani wa nthambi ya chipani. Opikisana ndi awiri: alamu anga a Jafali, ndi a Twaibu amene ali pampandopo. A Twaibuwa ndi amene anachotsa mathandala anga oyanikapo usipa pamchenga n'kuwakankhira kudambo, kumene nsomba imaola isanaume. Akapambananso, chaka chino ndigulitsa ntchentche.

Aphunzitsi akuti kumaiko akutali kuli wailesi yoonetsa zithunzi, ndipo opikisana amajambulitsa kanema wonyoza mnzawo, dziko lonse n'kumaonera. Zoona zimenezi? Nanga wonyozedwayo amatuluka bwanji m'nyumba? Kuno wailesi yotero kulibe, koma Lachisanu kukubwera galimoto ya kanema ya boma. Ndapeza nzeru!

Lachiwiri
Zoti tijambule:
a Twaibu akusinza pamsonkhano, kukamwa kuli yasa;
a Twaibu akuthawa mvuu, nkhafi atataya;
mimba yawo.
Alamu akufunsa kuti mvuu yovomera kubwereza tiipeza kuti. Funso labwino.

Lachitatu
Ndili ku boma kwa a Phiri, oonetsa kanema. Ndawatengera kampango wowamba. Kani makina aja sajambula, amangoonetsa! Zithunzi zimabwera zokulunga m'chitini. Ndaziunika padzuwa: tianthu ting'onoting'ono, tofanana tokhatokha, tosayenda. Nanga pansalu paja timayenda bwanji? A Phiri akuti ndi liwiro. Ndangogwedeza mutu.

Koma mpata ulipo. Anthu a m'kanema salankhula, amawalankhulira ndi a Phiri pachimkuzamawu. Wa Lachisanu ndi wa zimbudzi: muli bambo wanzeru wokumba chake, ndi chitsiru chothamangira kutchire. Ndawapempha kuti chitsirucho achitche Twaibu. Avomera, maso ali pa kampango.

Lachinayi
Alamu agwidwa mantha. Chimbudzi chawo chinagumuka ndi mvula yapitayi, mchenga wa kuno sugwira. Tikukumba china msangamsanga. Chagumuka tili momwemo! Tangozunguliza mpanda wa udzu popanda dzenje. Kuchionera patali n'chimbudzi ndithu.

Lachisanu
Potuluka mu mzikiti a Twaibu andipatsa moni ndi manja awiri. Ndalephera kuwayang'ana kumaso.

Madzulo nsalu yoyera pamtengo wa mango, mudzi wonse pansi. Chitsiru chatulukira, a Phiri n'kukuwa: "Awo a Twaibu, ulendo wa kutchire!" Phwete mudzi wonse! Ine ndikutsina alamu. Koma chitsirucho n'chokoma kuonera: chikugwa, chikuvina, mbuzi ikuchipirikitsa. Wanzeru uja nkhope ngati wokhometsa msonkho, akangooneka anthu akuti achoke. A Twaibu enieni akwera pabenchi, akugwedeza chipewa. Kanema watha, anthu akuti abwereze.

Loweruka
Padoko nkhani ndi imodzi. "A Twaibu boma limawadziwa ndi dzina lomwe," akutero amayi ena ogula nsomba. "Inu munamvapo a Jafali akutchulidwa pagalimoto ya boma?" Akuluakulu akunong'onezana kuti munthu wotchulidwa ndi boma sumukana dzuwa likuswa mtengo.

Masankhidwe athu ndi oima pamzere kumbuyo kwa munthu wako, aliyense akuona. Mzere wa a Twaibu wakafika kumadzi. Kumbuyo kwa alamu: ine ndi mkazi wanga. Alamu acheuka, atiyang'ana, akonza kolala, n'kukaima kumapeto kwa mzere wa a Twaibu. Mkazi wanga watsatira achimwene ake. Ine ndatsala pamzere wopanda mutu. Zandiwawa kwambiri.

Lamulungu
Ndili kudambo, matope m'maondo, ndikutalikitsa miyendo ya mathandala. A Twaibu afika, ana pambuyo akuwatcha "a Kanema". Akuti a Phiri anawauza amene anapereka dzina lawo. Ine ndayang'ana kothawira. Andigwira dzanja, misozi ili m'maso, akuti sankadziwa kuti ndimawakonda chotere. Andipatsanso udindo: galimoto ikadzabweranso, wokonza za kanema ndine.

Ndawakumbutsa za mathandala. Akuti, "Inshallah."

Usipa wa dzulo wayamba kununkha.