Sabata ya nyimbo yanga yaitali

Lolemba
Mulipa. Ndilembe dzinali poyamba kuti mtima ukhale pansi. Ndiye ankaimba ng'oma m'bandi yathu ya ku esiteti tili anyamata. Ine ndinapeka nyimbo motsanzira chimbale cha azungu chimene bwana wa tiyi anataya: nyimbo imodzi mbali yonse ya chimbale, yoyamba ngati nkhungu ikutsika m'phiri, yosinthasintha, kumapeto gitala nkulira yekha. Tsiku loiimba m'holo, tisanafike polira gitala, Mulipa anaikhotetsa nkukhala rumba. Anthu anavina. Ine mkwiyo mpaka lero.
Loweruka mdzukulu wanga Esinala akukwatiwa ku Chitakale. Wavomera kuti ndiimbe yonse.

Lachiwiri
Gitala ndamutsitsa kudenga. Muli chisa cha mavu, nsambo zatsala zinayi. Wakabaza wandipatsa waya wa buleki. Ukulira bwino kuposa wogula.

Lachitatu
A Matiyasi a kwaya abwera ndi kiyibodi ya kutchalitchi. Amva pang'ono, akuti, "Nanga kolasi ili pati, agogo?" Ilibe kolasi. Paliponse ndikasintha, iwo akutera pa Ameni.

Lachinayi
Ong'oma ndayesa awiri. Ng'oma za nyimboyi zimatsimphina dala, iwo akuziwongola ngati achipatala. Mayi a kunyumba akuti, "Wodziwa kutsimphinako alipo mmodzi, ndipo mukumudziwa." Ndatuma uthenga kwa Mulipa ku Muloza, koma moni sindinaikemo.

Lachisanu
Wafika pa kabaza, mano atsala apambali okha. Akuti, "Achimwene, mukadali okwiya? Ndi chifukwa chake simukufa."
Wakhala pansi, wagwira ndodo. Akukumbukira zonse! Potsimphina, podumpha, pongokhala chete. Ngakhale a Matiyasi aiwala Ameni. Tikuyandikira polira gitala, mvula yayamba kuboola malata, sitikumvananso. Taseka mpaka chifuwa. Kukhululuka ayi.

Loweruka
Holo yadzaza. Woyendetsa mwambo walengeza kuti nyimbo ya agogo ndiyo ya perekani-perekani wa akuchikazi. Palibe anandiuza.
Ndayamba. Nkhungu ikutsika bwinobwino. Azakhali aima pamzere, ndalama m'manja, mwendo m'mwamba, akudikira poponda. Palibe poponda. Wina akufunsa ngati kwagwa zovuta. Esinala wanyamula lichero lopanda kanthu, akumwetulira movutika.
Mulipa wayang'ana mwanayo, wayang'ana ine. Ndatseka maso.
Rumba.
Holo yonse yadzuka. Esinala akuseka, velo lapita kumbali, lichero ladzaza. Choipa nchakuti zala zanga zalowa zokha, ndipo pali mboni zoti ndinagwedeza chiuno. Waya wa buleki waduka anthu akuimba nthungululu.

Lamulungu
Msana ukuwawa. Kutchalitchi aliyense akundigwira chanza, ati dzulo munaimba. Akuyamikira nyimbo imene sanaimve.
Mulipa wagona kwathu, wamwa tiyi wanga, akuti, "Mwanayo mumafuna aime ndi lichero mpaka mawa?" Mwina akunena zoona. Sindimuuza.
Ndamuuza chimodzi. Ndisanafe, abwere pakhonde pano ndi ndodo zake, popanda mkwati, popanda azakhali, tiimbe mpaka gitala alire nkutha. Asadikire pamaliro anga, chifukwa ndikumudziwa, kumenekonso adzavinitsa anthu.