Diresi la Asiyatu ku Loji ya pa Ntaja

Lolemba

Ndafika pa Ntaja. Minibasi yochokera ku Balaka yaima pa Liwonde ola lathunthu kudikira munthu mmodzi, koma diresi lafika bwino. Ndalinyamula pamiyendo njira yonse ngati khanda.

Asiyatu, mwana wa achemwali anga, akukwatiwa Loweruka. Diresi lake ndasoka ine. Zaka zonsezi ndili pa makina, loyera chonchi sindinasokepo. Latsala mikanda ya pachifuwa basi.

Achemwali andikonzera kale mphasa kwawo. Ndakana. M'nyumba muja muli alendo a ukwati, ana osawerengeka, utsi wa kukhitchini, pakhomo mbuzi yodikira Loweruka. Ndanena pamaso pa azimayi onse: "Diresi ili silingagone m'nyumba ya utsi." Achemwali angoti, "Chabwino." Mwina ndakweza mawu pang'ono.

Ndapeza loji kuseri kwa msika, chipinda nambala 7. Amanijala, bambo wa taye yofiira, akuti, "Mwachita mwayi mayi, chimenechi ndi ekizeketivu."

Zomwe zili mu ekizeketivu:
- bedi la miyendo itatu, wachinayi ndi njerwa
- neti ya udzudzu ya zibowo zoti nkhunda ikhoza kudutsa
- thaulo limodzi louma gwa, likuima lokha
- fani yopanda chingwe
- mpope wa kubafa wongotulutsa mpweya
- sopo wotsala wa munthu wina, ali ndi tsitsi

Palibe kanthu, ndi masiku ochepa. Dongosolo: mawa mikanda, Lachitatu kuyesa, Lachisanu kusita. Diresi ndalikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko.

Lachiwiri

Nsikidzi! Azana ya m'bandakucha ku mzikiti yandipeza ndikudzikanda. Mikono yonse yatupa ngati ndagona pa chitedze.

Ndawaonetsa amanijala. Ayang'ana mwachifundo. "Kuno nsikidzi kulibe, mayi. Kapena mwachoka nazo ku Balaka?"

Ine! Munthu wokolopa kawiri pa tsiku!

Ndafunsa za mayi wokonza m'zipinda. Akuti ali ku maliro ku Nayuchi. Anapita liti? "Mwezi wathawu."

Ndagula tsache, sopo wa ufa ndi mankhwala opopera. Matiresi ndatulutsa padzuwa. Pansi pa bedi ndapeza nsapato imodzi yachimuna, minga ya nsomba, zitsononkho za chimanga, ndi kalata yoyamba ndi mawu akuti "Wokondedwa Patuma, undikhululukire." Sindiwerenga makalata a eni. Chabwino, ndawerenga. Patuma asamukhululukire ameneyu.

Mikanda sindinaigwire n'komwe. Ndachotsa diresi pa msomali, paphewa pali dzimbiri, kadontho kofiirira. Ndapaka sopo, kakula. Ndasokapo duwa la nsalu yotsala. Duwa limodzi paphewa si tchimo, ndi sitayilo.

Lachitatu

Tsiku loyesa. Asiyatu wabwera pa kabaza. Waima pakhomo, watseka mphuno ndi mpango. "Amayi aang'ono, muno mwafa chiyani?" Ndamuuza kuti ndi mankhwala opopera.

Wavala. Ee, mwana uyu! Ndinamunyamula ali wa tsiku limodzi, lero ndi uyu. Misozi yalengeza m'maso.

Pomwepo mpope wadzuka. Ndinausiya wotsegula Lolemba lija. Watsokomola katatu, kenaka madzi ofiira ngati tiyi wamkaka, phwaa! Bowo lotulukira madzi kubafa ndi lotsekeka, wina anatsinyiramo sokosi. Madzi adutsa pansi pa chitseko, alowa kuchipinda. Mkwatibwi wakwera pa bedi, nane ndakwera. Bedi lachoka pa njerwa. Tonse awiri pansi!

Mchira wa diresi, wautali ngati ine, wamwa matope.

Amanijala abwera akumwetulira. "Mwaona? Madzi alipo kuno. Anthu amangotinamizira."

Mchira ndadula. Asiyatu akuti, "Tiyeni kunyumba, amayi sanakwiye." Ndati iyayi, zonse zili m'manja. Ndamulumbiritsa kuti asakanene. Ndakolopa mpaka msana kuuma. Chipinda tsopano chikuwala, ngakhale makoma ndatsuka.

Lachinayi

Kugogoda m'mawa. Amanijala, kumbuyo kwawo bambo wina wa mimba yaikulu, makiyi a galimoto akuzungulira pa chala. Asuzumira. "Ichi ndiye chipinda," akutero abwanawo. "Chaukhondo."

Chaukhondo! Ndi manja a ndani?

Akuti abwana anachisungitsa kale pa foni. Andisamutsira ku nambala 2, "nachonso ndi ekizeketivu, kungoti ndi chaching'ono." Tsache langa latsala ku 7. Ndafunsa, akuti tsopano ndi katundu wa chipinda.

Nambala 2:
- zenera silitseguka
- chitseko sichitsekeka
- siling'i yalendewera pakati ngati mimba ya ng'ombe
- m'mwamba muli mileme, ikukangana
- za kubafa sindilemba

Ndayala chitenje pa bedi, diresi pamwamba, ndayamba mikanda. Mzere umodzi, iwiri, itatu. Ikuwala bwino, mtima wayamba kukhala pansi. Masana, mvula. Ndathamanga kukaanula zovala zanga panja, mphindi zitatu zokha. Pobwera, siling'i yabooka. Madzi akuda, a zaka zonse za mileme, akudontha pa diresi: pachifuwa penipeni, m'chiuno, pa mikono yonse iwiri.

Amanijala andibwereka beseni. Beseni nalo likudontha.

Maluwa tsopano ndi asanu. Nsalu yotsala yatha, ndikudula ku mchira uja, mbali yomwe inapulumuka.

Lachisanu

Velo ya kumutu kwa mkwatibwi! Ndinaiika m'chikwama pansi pa tebulo. Khoswe walowa, wadya pakati penipeni, mutu wa munthu ukhoza kudutsa. Wadyanso theka la sikono yanga.

Ndathamangira ku sitolo ya nsalu. Atseka, ali ku mapemphero a Lachisanu. Ndabwerera kuti ndisite kaye. Magetsi kulibe. Jenereta ilipo, "koma ikudikira mafuta." Andipatsa simbi ya makala. Ndayesa pa chitenje, bwinobwino. Ndayesa pa diresi, khala limodzi latuluka pa bowo la simbi, lagwera pabondo pa diresi. Fungo la nayiloni chipinda chonse.

Ndakhala pansi pa simenti. Ndalira, osati pang'ono. Mawa mwana wa achemwali aima pamaso pa akuchimuna onse ochokera ku nyanja ya Chiuta atavala chinthu ichi, chifukwa cha pakamwa panga.

Ndakulunga diresi m'chitenje, ndakwera kabaza.

Achemwali ali pakhonde, akusankha mpunga ndi azimayi omwe aja a Lolemba. Ndatambasula diresi. Mayi wina wagwira pakamwa. Achemwali ayang'ana diresi, ayang'ana mikono yanga yotupa. "Wadya?" Ndati iyayi. "Idya kaye."

Atsuka madontho ndi mandimu ndi mchere, ayanika kuseri. Mayi wina wakhala pafupi ndi kamtengo m'manja, akuthamangitsa ana ndi nkhuku. Kenaka achemwali akwera pa mpando, amasula katani yawo ya lesi ya pabalaza, yatsopano, yomwe anagula kuti alendo a ukwati aione. "Velo ndi iyi."

Tikusoka anthu anayi. Za utsi palibe akutchula. Bola akanatchula.

Loweruka

Ukwati! Mpunga, nyama ya mbuzi, nthungululu. Asiyatu watuluka, anthu akwera pa mipando kuti aone.

Maluwa asanu ndi atatu. Ine ndikudziwa za pansi pake: paphewa msomali, pachifuwa mileme, pabondo makala. Awiri achemwali angowonjezera kuti mbali zifanane.

Azakhali a mkwati andikokera pambali. "Maluwa amenewa ndi sitayilo ya ku Joni?" Ndati ndi ya ku Balaka. Akufuna lotero la mwana wawo. Za velo akuti akuona ngati anaionapo penapake. Achemwali atsokomola, awaonjezera nyama m'mbale.

Amanijala aliponso, taye yomweyo, mbale yodzaza. Palibe akudziwa yemwe wawaitana. Ndawamva akuuza anthu: "Telala wa diresi ili amagona kwathu. Alendo athu ndi apamwamba okhaokha."

Asiyatu pondikumbatira wanong'ona: "Amayi aang'ono, chinachake chikundiluma kumsana." Ndamuuza kuti ndi mikanda. Kumsana sindinaikeko mikanda.

Lamulungu

Ndagona pa mphasa kwa achemwali, mwendo wa mwana wina pakhosi panga. Ndadzuka dzuwa litakwera. Palibe chandiluma.

Ndakatenga chikwama ku loji. Amanijala anditambasulira buku la ndemanga za alendo. Mawu ndakonza kale m'mutu, masamba awiri. Cholembera sichikulemba. Akuti ndingonena pakamwa, iwo alemba okha madzulo. Ndati zikomo.

M'minibasi ndikudzikanda. Pofika pa mlatho wa pa Liwonde, mayi wokhala pafupi nane wayamba kudzikanda naye. Ndikuyang'ana kuzenera, ngati Shire ndikumuona koyamba.

Balaka. Bambo a ana atsala okha sabata yonse. Andichingamira pageti. "Takulandirani! Kuno zonse zili bwino."

Zonse zili bwino:
- mapoto onse anyikidwa m'bafa, ena amera ndevu
- masokosi ayanikidwa pa makina anga osokera
- nkhuku yaikira mazira m'dengu la nsalu za makasitomala
- pa bedi pali mbale zinayi ndi wayilesi

Ndatsegula pakamwa. Ndatsekanso.

Chikwama ndasiya panja padzuwa. Mbale ndasunthira ku mbali yawo ya bedi, ndagona.