Therere Kumaso, Mbuzi M'chikwama

"Mwa-na wa-nga... pano pa boma... alipo malo ophika... zopanda nya-ma?"

Mawu amenewo muwanene chonong'ona, maso akuponyedwa uku ndi uku ngati nkhuku yaona mphamba. Mukatero imirirani, muyende chonchi: phazi lamanzere pansi, dii! Lamanja m'mwamba, likuganiza kaye... likuganizabe... kenako litere pang'onopang'ono ngati likuponda mazira a apongozi. Kumanzere nsapato yakuda yopolisha, kumanja sokosi ndi patapata. Jekete yakuda, dzuwa lili paliwombo. Kukhwapa chikwama chakuda, atachipana ngati muli chinthu chofuna kuthawa.

Amenewo ndiwo madala amene anandivula ulemu pa Ntcheu pano, ine Gelesomu wa kabaza ya njinga yamoto. Nkhaniyi ndi yamanyazi, koma bola ndiinene ndekha, chifukwa anzanga a pasiteji akamaifotokoza amathira mchere wambiri, mpaka kumati ndinadzinyowetsa. Bodza limenelo. Linali thukuta.

Anatsika minibasi pa depoti nkulunjika kwa ine. Nditamva funso lawo ndinaseka mpaka helemeti kugwedera.

"Zopanda nyama? Madala, kuno nkwa Angoni! Kuno khanda likavuta kulira timalipatsa fupa!"

"Inenso ndine Mngoni. Ndine Ngozo," anatero osaseka. "Liza njinga. Koma uziyenda pang'onopang'ono, mabampu sindifuna."

Mngoni wokana nyama! Amalume anga a ku Mlangeni ankanena kuti munthu wamkulu, wovala bwino, akamasala chakudya popanda chifukwa, dziwa kuti pali chizimba, lamulo limene sing'anga amapereka kwa munthu wokhwimira chuma. Komanso ife a kabaza timamva nkhani za anzathu amene ananyamula kasitomala waulemu, osabwereranso. Choipa kwambiri, pakamwa pangapa palibe buleki. Tisanakhote ngakhale kona yoyamba ndinali nditawauza kale dzina langa, mudzi wakwathu, ndi dzina la amayi anga. Munthu wotere ukamuthawa, akupeza ndithu.

Tinayamba ndi lesitilanti ina ya pafupi ndi msewu waukulu. Mtsikana woperekera zakudya anabwera akutafuna chingamu.

"Ilipo ya ng'ombe, ya mbuzi, zam'kati, mang'ina."

"Zopanda nyama, mwana wanga."

"Ooh. Ndiye nkhuku."

"Nkhuku si nyama?"

"Nkhuku ndi nkhuku, agogo. Kapena ndikupatseni usipa?"

Titalimbana naye, anakumbukira kuti kukhitchini kuli nyemba. Zinabwera, koma zikusambira mu supu wa ng'ombe, kafupa kali pakati ngati chilumba.

"Supuyo ndangokuthirirani ulere, kuti zitsetsereke," anatero mtsikanayo, akudikira kuyamikidwa.

A Ngozo anaikankhira kumbali mbale ija. Maso awo anali pa tebulo la pambali, pamene draiva wina wa lole ankalimbana ndi mang'ina, mafuta akutsikira ku chigongono. Ndinaona madala thukuta lili kamukamu pamphumi, milomo ikuyenda yokha popanda mawu.

"Tiye, tiye msanga," anandikoka malaya, "ndingaphwanye lamulo."

Lamulo! Mwamva inunso? Amalume, munanena zoona!

Titakwera njinga, mphepo inabwerera kumbuyo, ndipo mphuno yanga inagwira fungo. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma pa nkhani ya fungo la nyama yootcha ndili ndi digiri. Linkachokera m'chikwama chakuda chija. Ndinayang'ana pagalasi: galu wofiira akutitsatira, mphuno ili m'mwamba. Mutu wanga unayamba masamu. Munthu sadya ng'ombe, sadya mbuzi, sadya nkhuku, koma m'chikwama wanyamula nyama. Ndiye ndi nyama ya chiyani?

Ndinathamangira pa chiwaya cha mnzanga Yobu, kuti mwina ndikafa pakhale mboni yoti inandiona komaliza.

"Madala, tchipisi izi ndi mbatatesi zokhazokha, zochokera ku Tsangano m'mawa uno," anatero Yobu akupukuta manja pa epuloni.

A Ngozo anasuzumira m'chiwaya. M'mafuta omwewo munkavina chiwindi ndi matumbo.

"Nanga izo?"

"Izo zikungodutsa, madala. Ndikuwolerani za m'mbali."

Pomwepo foni inalira m'thumba la jekete. Abale inu, munthu wamkulu uja anafota ngati bonongwe wa dzulo. Anavula chipewa, nkuyamba kuwerama pamaso pa foni.

"Eee... ayi, sindinakhudze... ndikutsata zonse monga munanenera... Mnyamata ndamupeza kale, ndili naye pompano."

Ndili naye pompano! Agalu tsopano sanalinso mmodzi, wofiira uja anali ataitana achibale. Ndinamukokera Yobu kuseri kwa matumba a makala.

"Aise, ndapita ine. Ukawauze amayi kuti nkhumba ija agulitse."

Nditamufotokozera zonse, Yobu anatukula nsidze. Iyeyu zinthu izi amazidziwa, agogo ake ankatemera anthu mphini.

"Osadandaula. Therere."

"Therere?"

"Iwe unakulira kuti? Therere limasukulutsa mankhwala alionse. Munthu wokhwima saliyandikira. Apititse kwa NaSibeko. Akalikana, wadziwa. Akalidya, mphamvu zonse zithera pomwepo, phwaa!"

NaSibeko ndi mayi wina amene amaphikira ogulitsa kabichi kuseri kwa msika, pa kashedi ka malata. Nyama saphika, amati ikudula, makasitomala ake ndi a masamba. Ndikuuzeni inu amene mumasala nyama: pa boma ponse, malo ndi amenewo. Nkhwani wotendera, chisoso, kholowa, zonse zilipo, ndipo supu wa ng'ombe sadutsako.

"Amayi," ndinatero mokweza, diso limodzi ndikuwatsinzinira, "madalawa muwapatse therere. Lambiri. Lonanda kwambiri lija."

"Diso lako latani, Gelesomu? Walowa kachirombo?"

Mbale inabwera. Ine ndinaima kuseri kwa mzati, mwendo umodzi uli kale panja, kudikira kuti mwina aphulika kapena asanduka kanthu. A Ngozo analiyang'ana therere lija kwa nthawi, nkupumira m'mwamba ngati munthu wa pamaliro. Kenako anasamba m'manja. Anadya. Ananyambita zala. Nkupempha lina!

Atamaliza, anaimba foni okha nkuwapatsira NaSibeko.

"Chonde, auzeni zimene ndadya."

"Halo? Eee, mayi... therere ndi nkhwani basi... ayi, fupa silinadutsepo, ndikulumbira... Zikomo, mayi."

Mayi! Sing'anga wake ndi wamkazi! Amalume ankati amenewo ndiye oopsa zedi, mankhwala awo sabwerera. Taonani, therere mbale ziwiri, munthu ali bwinobwino, mpaka kugeya. Ndinaganiza mwachangu: ngati m'mimba mwawo lalephera, ndiye liyenera kugwira ntchito kunja. Ndinawanong'oneza NaSibeko kuti andithirire lina m'kajumbo.

"Iwe Gelesomu, unayamba liti kukonda therere? Si iwe umati ndi mamina a ng'ombe?"

"Amayi, thirani, nthawi yatha. Ndipo ngati ndinakulakwiranipo, mundikhululukire."

Ndinamanga kajumbo nkukaponya m'thumba la jekete yanga.

Titatuluka, madala anali atasintha. Nkhope yawala, mawu atseguka, ngakhale phazi lija linkaganiza mwachangu. Anandigwira paphewa, nkuyandikitsa pakamwa kukhutu kwanga.

"Tsopano, mwana wanga, ntchito yeniyeni. Undipititse kumalo kopanda anthu. Kopanda maso ngakhale limodzi."

Ndinafuna kukana, koma munthu wokhwima sakanidwa. Ndinangoliza njinga. Tinasiya tala, nkulowa kamsewu kafumbi kokwera kuphiri, kumene kuli mabulugamu. Nyumba zinayamba kuchepa. Ine ndinkapereka moni kwa aliyense, ngakhale mbuzi, kuti adzakumbukire nkhope yanga. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, atatha ndinayamba nyimbo ya fuko. Kumbuyo agalu ali ndondondo, ngati anthu operekeza maliro.

"Ima apa."

Malo ake zii, mitengo yokhayokha ikulira ndi mphepo. A Ngozo anakhala pamwala, nayang'ana kumanzere, kumanja, ngakhale kumwamba. Anatsegula chikwama. Anatulutsa phukusi la nyuzipepala lonyowa ndi mafuta. Anatulutsa kampeni. Anatulutsa kapepala ka mchere ndi tsabola.

Mpeni ndi mchere, abale! Ndipo panalibe wina aliyense woti nkuthiridwa mchere koma ine!

"Sendera kuno, Gelesomu," anatero akumwetulira, kampeni kakunyezimira. "Usaope. Zoterezi sizikoma uli wekha."

Apa ndiye pamene mwana wa amayi anga anaonetsa ukatswiri. Ndinasolola kajumbo, ndinakang'amba ndi mano, ndinadzipaka therere kumaso, m'khosi, mpaka m'makutu. Lotsala ndinawaponyera madala, phwaa, pa jekete yakuda ija.

"Sukuluka! Sukuluka! Mayo ineee! Anthuni, akundidya!"

Ndinalumphira njinga kuti ndithawe, koma manja a therere sagwira chiwongolero. Dzanja linaterereka, njinga inagwera uko, ine uku. Ndinadzuka, therere linalowa m'maso, ndinakakumbatira bulugamu ndi mphumi. Ndinadzukanso ndikukuwa, agalu nawo anayamba kuuwa, phiri lonse linayankha.

Malo opanda anthu pa Ntcheu kulibe, ndinadziwa tsiku limenelo. Amayi otola nkhuni anatulukira m'tchire, abambo a m'madimba anakwera ndi makasu m'manja. Posakhalitsa tinazunguliridwa.

"Chachitika nchiyani?"

"Awa! Sadya nyama, koma ali ndi nyama! Ali ndi mpeni! Ali ndi mchere! Therere silikuwagwira!"

Anthu anayang'ana ine, nkhope ikunanda mpaka pachifuwa. Anayang'ana madala, amene anali atakhalira phukusi lija ngati nkhuku yofungatira. Bambo wina wamtali, wa khasu lalikulu, anasendera kutsogolo.

"Achikulire, mwakhalira chiyani?"

"Palibe."

"Nanga agaluwa akufuna chiyani kumbuyo kwanuko?"

"Ndi... ndi nkhani ya m'banja."

Anthu anayamba kung'ung'udza, makasu akukwera m'mwamba pang'onopang'ono. Kunena zoona, apa ngakhale ine ndinayamba kuwaopera. Ndipo nthawi yomweyo foni ija, imene inagwera pa udzu m'chipwirikiti, inayamba kulira. Mayi wina wa nkhuni anaitola.

"Musayankhe!" anakuwa a Ngozo. "Chonde, mayi, musayankhe!"

"Ndi sing'anga wawo!" ndinakuwa ine. "Yankhani, ikani pa laudi, timumve tonse!"

Mayi uja anadina. A Ngozo anayang'ana foni. Anayang'ana makasu. Ndinaona ndi maso angawa munthu akuyeza kuti choopsa kwambiri nchiti, ndipo anatenga nthawi. Kenako anaimirira ndi mwendo umodzi, anavula sokosi, natulutsa chala chachikulu chotupa, chofiira ngati tomato wa pamsika. Anatambasula nyuzipepala ija m'mwamba, ndipo kunong'ona konse kunatha.

"Ndi mbuzi! Kanyenya wa mbuzi, ndagula m'mawa pa siteji! Ndili ndi gauti, nthenda yotupitsa chalachi, adokotala anandiletsa nyama, ndipo akazi anga amandilondera ngati mkaidi! Kulikonse ndikadya amafuna wophika achitire umboni! Ndiwonso anandiuza kuti ndipeze mnyamata wa kabaza, ndisayende ndi phazili! Ine Ngozo, amene ndinkagawa ng'ombe pa gule wa ngoma, lero ndikudya masamba ngati mbozi! Ndimangofuna kanthuli kamodzi pamalo opanda maso, ndimugawireko mnyamatayu kuti asakaulule. Ndalakwa chiyani?"

Galu wofiira uja anaona kuti mwayi subwera kawiri, analumpha, nkuchoka ndi phukusi lonse.

Ndipo m'foni munatuluka mawu a mayi, ofatsa bwino, ozizira ngati madzi a m'chitsime mwezi wa Juni:

"Bambo a Tamala, mwati kanyenya wa chiyani?"

A Ngozo ananditembenukira, therere likudontha pa jekete, maso ali ndi misozi.

"Mwana wanga," ananong'ona, "latsalako lija? Undipakeko nanenso."

Mukaona mwamuna akuvulira foni chipewa, musathamangire therere, yambani mwafunsa ngati ali pabanja.