Luangwa Amene Ndinamuyendetsa pa Phula

Sekani ndithu, mano ndi anu. Inu amene mumati penti ndi yolembera dzina la golosale basi, khalani pabenchipo mumve, chifukwa ine Lazaro Sakala, amene ndalemba mayina pa theka la maminibasi a m'Chipata muno, ndinayendetsapo mtsinje pa phula louma gwa, ndipo ngati ndikunama lilime langali lisanduke bulashi.

Chinali chaka chija Okutobala anapsa mtima, dzuwa likuswa mtengo mpaka mthunzi wa munthu unkamusiya yekha pamsewu n'kuthamangira pansi pa mango, mbuzi ikadutsa pa phula ziboda n'kutsalira pomwepo. Pasukulu ina ya pulayimale kuseri kwa phiri la Kanjala mjigo unali utauma, ana akukomoka m'kalasi ndi ludzu, ndipo ahedi ake, Amayi Mwanza, mzimayi wamfupi wosadziwa kuseka, anali atalemba kale kalata yotseka sukulu, chikhalirecho a giredi seveni atsala ndi masabata atatu kuti alembe mayeso. Koma makolo anali atathira phula pabwalo lamasewera, penti itagulidwa kale, ndiye anandiitana.

"A Sakala, jambulani phada, manambala ndi mapu a Zambia, ana akadzabwerera adzapeze chosangalatsa," anatero. Kenako anayang'ana kumbali. "Ngati adzabwerere."

Mukumva? Mawu amenewo anandilasa pamtima.

Ndinatenga makatoni a sopo ndi lezala n'kuyamba kudula masitensulo, ndiye kuti umaboola chithunzi pakatoni, n'kugoneka pansi, n'kupaka penti m'zibowomo. Ndinayamba ndi phada, ndipo mizere yake inawongoka moti aphunzitsi a masamu, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, anataya ndodoyo n'kudumpha ndi mwendo umodzi mpaka kumapeto, n'kubwerera, taye ikuuluka kumsana. Nditapaka manambala, nkhuku za m'makomo oyandikana zinabwera n'kuima iliyonse pa nambala yake, tambala pa wani, popanda wozikusa. Zimenezo n'zazing'ono, sindiziwerengera n'komwe.

Tsopano mapu. Ndinawatambasula bwalo lonse, Chipata kuno, Mongu uko kumene kumalowa dzuwa, kenako ndinasakaniza penti yobiriwira ngati thambo, ndinagwira mpweya, n'kudula Luangwa pakatoni kuchokera kumapiri a kumpoto, kukhota apa, kukhota apo, mpaka pamene amakumana ndi Zambezi, lezala osaidzutsa ngakhale kamodzi, ndipo nditapaka n'kunyamula katoniyo ndinamva kuzizira m'mawondo. Ndinayang'ana pansi. Thalauza yanyowa. Mukumva? Mtsinje unali kuyenda, abale anga, madzi enieni, akulira chapansipansi ngati anthu akupemphera m'tchalitchi, akutsata mzere wanga osaphonya ngakhale khota limodzi!

Ndinati mwina ndi dzuwa landizunguza mutu, ndiye ndinadula kasitensulo ka mlamba n'kupaka m'mphepete, ndipo ndisanapukute bulashi mlambawo unandimenya mchira patsaya n'kulowa m'madzi, ndinapaka wina, nayenso yemweyo, ndinapaka matemba, achule anayamba okha kuimba popanda kuwajambula, nkhwazi inachokera kuchigwa n'kuzungulira pamwamba pa mbendera ikulira, ndipo nditatsiriza Zambezi, kumunsi kwa bwalo kunagunda mathithi a Mosi-oa-Tunya, nthunzi yake n'kukwera kupitirira phiri, utawaleza n'kukhazika mwendo umodzi padenga la ofesi, wina pamsika wa Kapata, moti madalaivala pa msewu waukulu wa ku Lusaka anazimitsa mainjini n'kuvula zipewa.

Mukuganiza kuti ana anakuwa? Ayi. Anatuluka m'makalasi n'kuima mozungulira dziko lawo, milomo yawo yong'aluka ndi ludzu ili yasa. Azimayi amene anathamanga ndi ndowa anafika n'kuzitula pansi osatunga. Amayi Mwanza anavula nsapato, analowa mu Luangwa mpaka m'akakolo, anagwada, anatapa madzi ndi manja awiri n'kumwetsa kamtsikana kamene kanakomoka m'mawa womwewo, ndipo katatsegula maso, iwo anatulutsa kalata ija m'thumba n'kuing'amba, zidutswa n'kuyandama kupita ku Zambezi.

"A Sakala," anandifunsa motsitsa mawu, "kodi inu ndinu munthu?"

"Ndine wopenta chabe, amayi."

Koma kunena zoona nanenso ndinachita mantha, chifukwa mvuu ndinali nditangoipaka mutu wokha, ndipo mutuwo unayasamula n'kundiyang'ana kudikira thupi lake, ndipo m'chikwama ndinali ndi sitensulo ya ng'ona yodula kale, mano onse ali mbee. Imeneyo ndinaitafuna n'kumeza pomwepo, katoni yonse, kuti isagwere m'manja mwa munthu wopanda nzeru. Sukulu sinatsekedwe. Mayeso analemba mapazi ali m'madzi.

Tsopano iwe wa jekete yofiira, ndakuona ukunong'oneza mnzako. Ndikudziwa zimene anakuuza amalume ako, akuti tsiku limenelo kunangogwa mvula yoyamba, ngalande ya kuphiri n'kusefukira pabwalo, penti yanga yosauma n'kukokoloka yonse kukathera mumtsinje wa Lunkhwakwa. Chabwino, mvula inagwadi, sindikana, ndipo ukapita lero ukapeza phula lakuda bii. Koma mitambo imeneyo inakhala miyezi isanu ndi iwiri osaponda m'Chipata. Ukafunse amalume akowo kuti inaona chiyani pansi kuti ibwere mothamanga chotero.