Waranti ya Zaka Ziwiri ndi Utaka wa Sadaka

Ndiyambe ndi kuulula, poti ukalamba umachotsa manyazi. Ine ndinkakhulupirira kuti galimoto ikakhala ndi waranti siiwonongeka. Ndipo ikati yachita mwano n'kuima panjira, eni warantiyo amangotulukira pomwepo, ngati apolisi apamsewu aja obisala kuseri kwa mlambe. Musaseke msanga. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, ndipo m'kalasi lathu mawu oti waranti sanatchulidwepo ngakhale tsiku limodzi.

Kagalimoto kanga anandigulira ndi mwana wanga wa ku Joni. Anatumiza ndalama nati, "Baba, njinga mwapalasa mokwanira." Ndinapita ku Limbe, pamalo ena ogulitsira galimoto zogwirapo kale ntchito ku Japan, n'kusankha kotuwa. Wogulitsayo anali bambo wa tayi, mawu ake oterera ngati mlamba. Nditalipira anatsitsa mawu.

"Madala, galimotoyi ili ndi waranti ya miyezi itatu. Koma munthu wanzeru ngati inu amawonjezera. Zaka ziwiri. Chikavuta chilichonse mungoimba foni, ife tabwera."

"Chilichonse?"

"Werengani nokha, zonse zalembedwa."

Masamba sikisi, Chingerezi chokhachokha, tizilembo ting'onoting'ono ngati maso a usipa. Ndinavala magalasi, ndinagwedezera mutu tsamba lililonse (munthu amene wangotchedwa wanzeru sangafunsenso kuti liwu ili likutanthauzanji), ndipo ndinasayina. Chinthu chimodzi chokha anandimasulira m'Chichewa, n'kubwereza katatu: makaniko wina aliyense asadzatsegule boneti. "Akangogwirapo sipanala munthu wosakhala wathu, waranti yafa."

Miyezi isanu ndi iwiri kagalimoto kanayenda osatsokomola, ine n'kumati ndi waranti ikugwira ntchito. Kukathiritsa oilo ndinkapita ku Limbe komweko kuti akandidindire kabuku, ulendo wa tsiku lathunthu, pomwe Che Bwanali, makaniko amene tinakulira limodzi kwa Mponda, galaja yawo ili pamphuno pa nyumba yanga.

Kenako apongozi anga aakazi anatisiya. Atakwana masiku makumi anayi panayenera kuchitika sadaka kumudzi kwa mkazi wanga, Abiti Jafali, cha kufupi ndi Monkey Bay. Pa sadaka ntchito amagawana. Alamu anga Che Saidi anatenga za mpunga, ena nkhuni, ena mafuta. Mkazi wanga anaimirira pamaso pa abale ake onse n'kunena kuti, "Ndiwo tisiyireni ife. Kwathu kuli galimoto." Ine ndinali pambali, ndikuseweretsa makiyi kuti amve kulira kwake.

Tsikulo titangoswali m'mawa tinalunjika kudoko lina cha ku Nkopola, maboti akungofika kumene. Tinagula mabeseni atatu a utaka, ndi chambo zisanu ndi zitatu za mashehe ndi akuluakulu. Chambozo tinamangirira pagalasi la m'mbali monga amachitira aliyense wochokera kunyanja, kuti zizipitidwa mphepo. Mabeseni tinaika kubuti, pamwamba ayisi pang'ono wofunditsa chiguduli. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amadziwa dzuwa la ku Mangochi wayamba kale kundimvera chisoni.

Kamsewu kochokera kudokoko n'kamabampu, kagalimoto kanavina mpaka pa tala. Pamenepo mkazi wanga anati tiime agule tomato. Ndinazimitsa injini pansi pa mtengo. Atagula, ndinapotokola kiyi.

Tche-tche-tche. Zii.

Ndinapotokolanso. Tche. Basi.

Amuna amene ankasewera bawo chapafupi anabwera kudzakankha. Ndinawauza kuti iyi ndi otomatiki, siyokankha. Iwo anati palibe galimoto yosakankhika, ndipo anaikankhadi, kuichotsa pamthunzi n'kukaisiya padzuwa. Atatero anabwerera ku bawo lawo.

Ine mtima sunagunde n'komwe. Ndinatulutsa mapepala aja m'pulasitiki, ndinauza mayi kuti, "Lero muona ubwino wake wa kukhala ndi mwamuna woganiza za mawa." Ndinaimba nambala ya kumbuyo kwa pepala. Anayankha mzungu wamkazi amene sankafuna kundimvera, ankangotchula manambala. Ndinadina onse. Panabwera nyimbo ya gitala. Nyimbo isanathe, mayunitsi anatha. Ndinagula ena kwa mayi wa tomato, ndinamveranso gitala, kenako kunamveka munthu weniweni.

"Galimoto ili pati, bambo?"

"Ili padzuwa."

"Ndikutanthauza malo."

"Mukadutsa Nkopola, pa mayi wa tomato."

"Chavuta n'chiyani?"

"Zimenezo ndi zimene ndinakulipirani kuti muzidziwa inuyo."

Anaseka pang'ono, nati munthu wawo anyamuka posachedwa kuchokera ku Zomba. Ine ndinayang'ana kuseri kwa mitengo yonse ya pamenepo. Ku Zomba?

Mkazi wanga anayang'ana dzuwa, anayang'ana ine. Utaka umafuna kutumbula, kutsuka ndi kukazinga, ndipo azimayi kumudzi anali atakoleza kale moto. Anaimitsa minibasi. Kondakitala anati chambo alola, koma mabeseni ayi, mwadzaza kale. Mayi anamasula chambo pagalasi paja.

"Bambo ake Mariamu, utakawu ukafike isanakwane naini."

"Inshallah, mwinanso ndikupitirirani panjira."

Posakhalitsa kunatulukira njinga yamoto, pamwamba pake Che Bwanali, chikwama cha masipanala kumsana. Anaima, anandipatsa salamu, ndinawafotokozera kaliridwe kake.

"Tche-tche? Ameneyo ndi batire, achimwene. Chingwe chamasuka ndi mabampu a kudoko. Tsegulani."

Ndinakakhala pa boneti. (Chitsulo chimene chakhala padzuwa la Okutobala, inu mwavala kanzu yopyapyala, musadzayerekeze.)

"Che Bwanali, pano pali waranti."

"Ndingoona ndi maso."

"Maso anu ndimawadziwa, amayenda ndi sipanala."

"Chabwino, sipanala mugwire ndinu, ine ndizingoloza ndi chala."

Pamenepo mutu unandizungulira. Kodi ine mwini galimoto ndikagwira sipanala, ndasanduka makaniko wina? Nanga chala cha Che Bwanali chikaloza, chagwira kapena sichinagwire? Ndinaimbanso foni, gitala, kenako munthu weniweni uja. Ndinamufunsa za chalacho. Anati, "Ife sitingakulangizeni kutero, komanso sitingakuletseni. Koma zikhoza kukhudza waranti." Ndinafunsa ngati akutanthauza inde kapena ayi. Anati inde, akutanthauza zomwe wanenazo.

Che Bwanali ananunkhiza cha kubuti.

"Utakawu watsala ndi maola awiri. Bwerani nawo ndimange panjingapa, maulendo awiri ndatha."

Apa ndiye pamene ndimafuna mundikhululukire. Ndinakana. Mkazi wanga anauza abale ake kuti ndiwo zibwera pa galimoto, ndiye zikafike pa njinga yamoto, zikudontha pa tayala, Che Saidi akuonerera? Komanso munthu wa waranti anali atangondiimbira kuti wafika pa Liwonde. Che Bwanali anapukusa mutu, anati, "Nzeru zikachuluka zimafuna wozisenzera," n'kuliza njinga yawo.

Tsono mverani kayendedwe ka munthu ameneyu. Naini koloko anali pa Liwonde. Leveni koloko anali pa Ulongwe. Wani koloko anati wangodutsa kumene pa Liwonde. Ndinamufunsa ngati akubwera kapena akubwerera, iye anati netiweki ikuvuta. Mkazi wanga naye ankaimba. "Muli pati?" Ine, "Tatsala pang'ono." Kachitatu sanafunsenso, ndinangomva phokoso la miphika ndi mawu a mayi wina akuti, "Tingobwatitsa nyemba," foni n'kuduka.

Ayisi anasanduka madzi, madziwo anayamba kudontha pansi pa buti. Ntchentche zinabwera, zoyamba zinapita kukaitana abale awo. Mayi wa tomato ananyamula benchi lake n'kusamukira tsidya lina la msewu osanditsanzika. Anthu a bawo aja anatumiza mmodzi kudzandifunsa mwaulemu ngati m'galimotomo muli maliro.

Itadutsa fili koloko munthu wa waranti anatsika m'minibasi (inde, m'minibasi, ine ndinkadikira chigalimoto chokoka zinzake), atanyamula kachikwama kochepa kuposa ka Che Bwanali. Anatsegula boneti, anagwedeza chingwe cha batire, anatulutsa sipanala, anapotokola kawiri. Nthawi yake yosakwana kusamba m'manja.

"Lizani."

Kagalimoto kanalira ngati sikanalakwepo chilichonse.

"Koma madala," iye anatero akupukuta zala, "batire ndi zingwe zake mulibe m'waranti. Tsamba lachitatu. Ndiye ulendo wangawu mulipira ndinu."

Ndinamupempha andiwerengere m'Chichewa zimene mulibemo. Anayamba: batire, matayala, mabuleki, malamba, magetsi, mashokabu, ndi chilichonse chowonongeka chifukwa cha msewu woipa, mchenga, fumbi kapena madzi.

"Mwana wanga, kuno ndi ku Mangochi. Ukachotsa mchenga, fumbi ndi madzi, patsala chiyani?"

"Patsala injini ndi giyabokosi, zikafa zokha popanda chifukwa."

"Iwe unaonapo chinthu chofa popanda chifukwa?"

Nthawi yomweyo mphepo inatembenuka. Anagwira mphuno, anazungulira kumbuyo, anatsegula buti, n'kudumphira chammbuyo. Kenako anatulutsa foni n'kuyamba kujambula mabeseni anga.

"Mumachita geni ya nsomba? Tsamba lachisanu likuti galimoto yochitira malonda waranti yake imafa."

"Iyi ndi sadaka ya apongozi anga!"

"Mabeseni atatu?"

"Kodi kwanu anthu akamwalira mumadyetsa mudzi ndi mbale imodzi?"

Anati iye sakutsutsa, koma akaweruza ndi a ku ofesi. Mpaka lero a ku ofesiwo akuti nkhani yanga akuiunikabe, moti anzanga a kumzikiti akandifunsa ngati waranti yowonjezera ndi yoyenera kugula, ndimasowa chowauza. Sindikudziwa ngati yanga ili moyo kapena inafa, ndipo ngati inafa, sindikudziwa ngati inaphedwa ndi utaka, mchenga, kapena inabadwa yakufa kale. Injini sinafebe. Nthawi zina ndimaiyang'ana n'kumaganiza kuti bwenzi itangofa yokha, popanda chifukwa, zaka ziwirizi zisanathe, ndione ngati amunawa angabweredi.

Utaka ndinakautaya kutchire. Kumudzi ndinafika mapemphero a duwa atatha kalekale, mashehe atapita, azimayi akutsuka miphika. Chambo zija zinakwanira akuluakulu okha, ena onse anadya mpunga ndi nyemba zosapsa bwino, pa sadaka ya mayi amene moyo wawo wonse anakhala m'mphepete mwa nyanja. Che Saidi anandilandira ndi manja awiri, ulemu wake wochita kuwawa.

"Alamu, mwayenda bwanji? Galimoto yafika bwino? Chachikulu n'chimenecho. Ndiwo n'zazing'ono."

Pobwerera tinatsegula mawindo onse. Mkazi wanga anadziphimba mphuno ndi mpango kuchokera ku Monkey Bay mpaka kwa Mponda. Ine ndinayesa kunena kuti mwina vuto ndi loti sitinatenge waranti ya zaka zitatu, poti mwina imeneyo batire alimo. Sanatembenuke.

Usikuwo ndikuyala mapepala aja patebulo kuti ndifufuze tsamba lachisanu, anaima pakhomo la kuchipinda n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo ake Mariamu, galimotoyo ili ndi mwayi, ili ndi kokaidandaulira. Ine inuyo ndinakutengani opanda pepala lililonse. Zaka makumi anayi ndakhala ndikukukonzani ndekha, ndipo lero ndafufuza mudzi wonse, palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi nambala yoti ndiimbe adzakutengeni."