Minibasi Yanga Pamaso pa Atsibweni

Pali manyazi ena oti munthu umafa nawo osauza aliyense. Awa ndiulula ndekha, chifukwa anzanga pa siteji ya pa Dowa akumawafotokoza mothira mchere.

Ine ndili ndi matenda a timagalimoto tating'onoting'ono. Ena amaweta nkhunda, ine ndimandandalika timalole, timathirakitala ndi timabasi pa shelefu. Mashopu ogulitsa zimenezi ndimawadziwa, ndipo ambiri ndi zinyalala zokhazokha. Ukalowa, wa pa kauntala maso ali pa foni. Ukafunsa ngati matayala a kalole amazungulira, amangoloza ndi mlomo: "Zidole za ana zili uko." Zidole! Kuuza ine, bambo wa ndevu zanga!

Shopu yokhayo yomwe ndinkaipatsako ulemu ndi ya Papa Ilunga ku Dzaleka, mkulu wa ku Congo wopanga timagalimoto ndi malata ndi waya. Ukalowa amakupatsa mpando, n'kumakumvetsera mpaka umalize. Chilema chake n'chimodzi: mafunso. Mkulu uja amafunsa ngati wapolisi.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikufunsira Esnart, mphunzitsi wa ku Ntchisi. Mawu omaliza anali ndi atsibweni ake, a Mbewe, mlongo wa mayi ake. Iwowa ndi dalaivala wopuma ntchito, ndipo munthu amamuyeza poona galimoto yake. Ine ndinali nditawatumizira uthenga woti ndili ndi minibasi yoyenda pakati pa Dowa ndi Lilongwe, "ya ekizekitivu". Minibasiyo ndili nayodi. Za ekizekitivuzo tisazifukule.

Ndiye ndinaganiza zowapangitsira mphatso: kaminibasi kofanana ndi yanga.

"Papa, ndikufuna minibasi yanga yeniyeni. Osawonjeza, osachotsa."

"Ndiye ndiikwere kaye, bwana. Ine sindipanga galimoto yomwe sindinaikwere."

Ndinaseka mwachipongwe. Wokhoma zitini akuzitenga ngati injiniya! Koma ndinamulola. Minibasiyo amayendetsa ndi dalaivala wanga, choncho za ulendo wa Papa sindinazimve. M'mutu mwanga ndinkangoona minibasi ya tsiku lomwe ndinaigula, yoyera mbee.

Lachitatu foni inalira.

"Bwana, za chitseko chija..."

"Chitseko n'chitseko, Papa! Ikani!"

Lachisanu inaliranso.

"Bwana, nanga anthu ndiwaike?"

"Minibasi yopanda anthu munaiona kuti? Ikani ambiri, aone kuti bizinesi ikuyenda!"

"Chabwino, koma malo amene anthuwo anali..."

"Aikeni pomwe munawaona! Ndipo mukamaliza mukakulunge m'bokosi. Ndili bize!"

Ndinadula foni. Ndinatembenukira anzanga n'kuwaphunzitsa kuti kasitomala keya, kusamala makasitomala kuja, ikapyola muyeso imasanduka chisokonezo. Onse anavomera, poti ndimaoneka ngati munthu wodziwa zinthu.

Loweruka ndinafika ku shopu nditavala suti. Papa ananyamula bokosi koma osandipatsa.

"Bwana, tatsegulani muone kaye. China chikapanda kukusangalatsani ndikonza pompano."

"Ndilibe nthawi."

"Mphindi imodzi yokha, bwana."

"Ndati ndilibe nthawi!"

"Chonde, bwana..."

Ndinamuuza pamaso pa makasitomala ena kuti mmisiri wodzikayikira ngati iye sindinamuonepo. Ndinalanda bokosi langa n'kutuluka mapewa ali m'mwamba.

Ku Ntchisi ndinakafika pa kabaza wa njinga yamoto, n'kunena kuti minibasi yapita pa haya. Anandikhazika pakhonde. A Mbewe anali pa mpando, mayi ake a Esnart ndi azakhali awiri pa mphasa, Esnart akusuzumira pazenera. Ndinalankhula kwa nthawi ndithu za kufunika kosamala galimoto, kenako ndinapereka bokosi ndi manja awiri.

A Mbewe anatsegula.

Abale anga, Papa Ilunga ndi mmisiri, ndipo zimenezo sindidzamukhululukira. Chitseko chinali chomangidwa ndi linya. Galasi lakutsogolo linali ndi mng'alu wake weniweni uja. Nyali imodzi inali yomata ndi selotepi, bampala ikulendewera, matayala osalala ngati mpira wakale. Anthu analipo ambiri monga ndinalamulira. M'kati munali dalaivala yekha. Ena onse, asanu ndi atatu, anali kumbuyo atawerama, akukankha!

Azakhali amodzi anaphimba kukamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Mutu wa Esnart unasowa pazenera. Ine ndinkangopempha nthaka kuti indimeze.

"Amisiri a masiku ano!" ndinatero ndi mawu owuma. "Angopeka zimenezi, atsibweni. Nsanje basi."

A Mbewe anavala magalasi, nakanyamula kaminibasi kaja, nakatembenuza pang'onopang'ono. Anawerenga nambala yake kawiri.

"Sanapeke ayi," anatero modekha. "Galimoto iyi ndikuidziwa. Ndinaikwera sabata yatha popita kukapimitsa maso ku Lilongwe. Inatizimira katatu."

Kenako analoza kamunthu ka kumapeto, kovala chipewa ndi jekete, kokankha ndi phewa.

"Uyu ndine."

Azakhali aja anaphulika ndi kuseka. Mayi ake a Esnart analowa m'nyumba akukhosomola. Ine ndinayesa kuseka nawo koma nkhope inakana.

"Mphatso ndalandira," anatero a Mbewe akukaika bwinobwino pa tebulo. "Chiyambire sindinaonepo ntchito yoona ngati iyi. Koma za ukwatizi, bambo, mwana wathuyu ali ndi vuto la msana. Sangathe kukankha. Mudzabwerenso ikadzayamba kulira yokha."

Mpaka lero ndikuzungulira m'magalaja a ku Mponela kusaka sitata yolizira injini.

Wogulitsa akakupempha katatu kuti utsegule bokosi, tsegula, ngakhale utavala suti.